Nsalu Yodzutsira Apongozi

Nyumba imene tinkakhala ku lokeshoni ya Highfield inali ya apongozi anga aamuna, koma kunena zoona inali ya ntchito yawo. Masiku amenewo, nkhondo ili mkati, munthu wakuda ankapatsidwa nyumba m'tauni chifukwa choti ali pa ntchito kwa mzungu. Ntchito ikatha, katsekera, mzungu woyang'anira lokeshoni, ankatuma wapolisi wake ndi pepala, basi mutuluke. Pa khadi la nyumba panali dzina la apongozi pamwamba, m'munsi mwake la mwana wawo, mwamuna wanga, kenako langa, kenako la mwana wanga wamkazi amene anali asanakwane zaka ziwiri. Apongozi aakazi anamwalira ine ndisanalowe m'banjamo.

Mwamuna wanga anachoka Loweruka lina masana, akuti akukaonera mpira ku bwalo la Gwanzura, ndipo sanabwere. Anzake awiri a mumzere mwathu sanabwerenso. Aliyense ankadziwa kuti awoloka kupita ku Mozambiki kwa anyamata a m'tchire omenyera ufulu, koma palibe ankatchula. Apolisi anabwera katatu, kugubuduza matiresi, kundifunsa funso lomwelomwelo, mwana akulira kumsana. Ine kothawira ndinalibe. Bambo anga anafera ku mgodi, mayi anga anakwatiwa ndi munthu wina pa famu ya kutali, ndipo ku Malawi ndinkangomva dzina, sindinapondeko. Denga lathu lonse linali m'manja mwa mkulu mmodzi amene ankamanga mabelo ku fakitale ina ku Southerton, ntchito imene anayamba mwana wawo asanabadwe.

Ndiye ndinayamba kuwayang'ana manjawo. Koma kuyang'ana kwake kunali kobera, chifukwa kwathu mpongozi sumuyang'ana kumaso, sudya naye, sukhala pa mpando wake, ndipo kumukhudza ndiye kosayerekeza n'komwe. Nyumba ya zipinda ziwiri, koma tinkapewana ngati tili m'mudzi waukulu. Iwo akamalowa ankatsokomola pakhomo kuti ine ndilowe kukhitchini. Chakudya ndinkaika patebulo iwo ali panja, mbale ndinkachotsa iwo atatuluka. Kulankhulana tinkadzera mwa mwana. Ine ndinkati, uwauze agogo ako madzi atentha. Iwo ali kuseri kwa chitseko ankati, uwauze amako ndamva. Mwanayo anali asanadziwe n'kulankhula komwe, ankangoyamwa chala n'kumatiyang'ana.

Choyamba kuona chinali kapu. Anayamba kuigwira ndi manja awiri ngati mwana. Kenako mabatani: ndinkamva ali kuchipinda akupuma mwamphamvu, nthawi n'kumapita, ndipo ankatuluka batani lapakhosi lili losamanga. Pochapa ndinaona kuti lamba wawo ali ndi mabowo atsopano oboola ndi msomali, awiri, kenako atatu. Tsiku lina akupatsa mwana chidutswa cha buledi ndinaona dzanja lawo pafupi, ndipo pakati pa chala chachikulu ndi cholozera, pamene pamakhala kamnofu kotupa, panali dzenje loti mungathiremo madzi. Podzuka pa mpando ankayamba adzigwedeza kaye, kamodzi, kawiri, kachitatu n'kudzuka, atagwira tebulo. Njinga poyamba ankaikwera mothamanga, kenako anayamba kuipendeketsa kwambiri kuti mwendo udutse, kenako anayamba kukwerera pa sitepe ya pakhomo. M'mawa uliwonse ndinkasuzumira pa katani mpaka akhote pa ngodya, ndipo madzulo ndinkamvetsera belu la njingayo. Sindiname, sikuti ndinkangowamvera chisoni. Ndinkawerenga zipupa za nyumba imene tikanaitaya.

Amayi a ku tchalitchi nawo anaona. Mmodzi, wamkulu ndithu, anandikokera pambali tikuweruka, nandifunsa monong'ona ngati ndimathira mchere m'ndiwo ndi manja oyera, poti mwamuna wanga kulibe ndipo mkulu uja akuuma ngati wadulidwa. Ine ndinali ndisanayendepo ndi munthu, ngakhale kuseka ndi wogulitsa nyama ku msika wa Machipisa ndinkaopa. Koma kuyambira tsiku limenelo ndinaleka kuthira mchere mumphika, ndinkauika m'kasosa pambali kuti azithira okha. Anathira okha miyezi iwiri, ndipo anapitirira kuuma.

Ku fakitale kunali dokotala wa kampani, koma apongozi sankafuna n'kumva komwe, chifukwa chimene dokotala ameneyo waona, foromani wamva. Ndinachonderera kudzera mwa mwana masabata angapo. Uwauze agogo ako apite ku chipatala chachikulu. Uwauze amako sindikudwala, palibe pakupweteka. Ndipo zinali zoona, sankamva kupweteka paliponse, ndicho chinkandiopsa kwambiri. Anavomera tsiku limene supuni inawapulumuka n'kugwera mumbale, msuzi n'kuwathimbirira malaya a ku tchalitchi. Anapempha tsiku ku ntchito ponama kuti kuli maliro. Tinakwera basi imodzi, iwo kutsogolo, ine kumbuyo ndi mwana.

Dokotala anali mzungu wachinyamata wotopa, ndipo womasulira anali bambo wachikulire wa yunifolomu yoyera, amene atangomva kalankhulidwe ka apongozi anasiya Chishona n'kuyamba Chinyanja. Anawagogoda m'maondo ndi kahamala ka labala, kuwabaya ndi kapini kumapazi, kuwauza kuti afinye zala za dokotala. Ine ndinaima pakhomo nditatembenukira kukhoma, poti anawavula malaya. Dokotala analankhula mawu ochepa n'kupita kwa wina. Womasulira uja ndiye anakhala pansi n'kufotokoza bwinobwino, ndipo mawu ake ndikuwakumbukira chifukwa ndinawabwereza mumtima njira yonse.

“Bambo, pano palibe ufiti, palibe za mchere. Mukudziwa mawaya a magetsi ku fakitale kwanu? M'thupi mulinso mawaya, mitsempha, osati ya magazi ayi, ina yoonda yochokera kumsana, yonyamula mawu kupita ku minofu kuti gwira, tambasula, dzuka. Munthu akamakula mawayawo amazima limodzilimodzi. Mnofu umene waya wake wazima sumvanso kuitana, umangokhala, kenako umauma. Ndiye dzenje mukuliona padzanjali.”

Apongozi anafunsa ngati pali jekeseni. Bamboyo anapukusa mutu. Anati jekeseni palibe, koma mawaya otsalawo ali ndi chifundo, amatola minofu yamasiye n'kumailera, ngati mmene munthu amatolera ana a mbale wake, koma amatola bwino thupi likamagwira ntchito. Anati tsiku lililonse azidzuka pa mpando n'kukhalanso, kudzuka n'kukhalanso, kakhumi m'mawa kakhumi madzulo, osagwira tebulo, koma pakhale munthu wowagwira m'manja kuti asagwe. Azifinya mpira wa tenesi. Azidya mazira, nyemba, matemba, osati tiyi ndi buledi basi. Kenako anandiloza ndi chibwano n'kufunsa ngati ndine mwana wawo.

“Ndi apongozi,” anatero iwo.

Bamboyo analiza kakhweru. “Iii, ndiye nkhani yake ija. Mugule nkhuku, akulu, muthetse manyaziwo. Kuno ndi ku tauni.”

Nkhuku inalipo yogula, koma sizinali zongogula nkhuku. Apongozi anakafunsa akuluakulu a kwathu amene ankakumana nawo ku bungwe la maliro, ndipo anawauza kuti mwambo wothetsa chipongozi sungachitike mwini mkazi kulibe, pokhapokha avomereze alongo awo aakazi, mkulu wa banja lawo, amene anali ku Ntcheu. Kalatayo ndinalemba ndine, ndi Sitandade 5 yangayo, iwo akunena ali kuseri kwa chitseko, mwana ali pakati. Makalata a kunja masiku amenewo ankayenda ngati nkhono, ena ankafika otsegula, ena osafika. Tinadikira. Mvula inayamba, chimanga cha kuseri kwa nyumba chinamera, chinafika m'chiuno. Mpira wa tenesi ankafinya, mazira ndinkawiritsa, koma za kudzuka pa mpando sizinachitike ngakhale kamodzi, chifukwa wowagwira kunalibe. Kuitana mwamuna wa nyumba yoyandikana nayo sikukanatheka, ankagwira ntchito fakitale yomweyo ndipo pakamwa pake panalibe chitseko. Ine ndinkakhala kukhitchini kumamvetsera mpando ukulira, kamodzi, kawiri, katatu, kanayi tsopano, ndipo ndinkaona mawaya aja m'maso mwanga akuzima ngati magetsi a mumsewu.

Nzeru ya nsalu inandibwerera ndikufinya zochapa. Ndinatenga zambiya yanga yakale, nsalu yovala m'chiuno, ndinaipota ngati chingwe, ndinamanga mfundo mbali zonse ziwiri. Lamulungu madzulo, dzuwa likadalipo, ndinatseka chitseko ndi makatani, ndinaima pakhomo la khitchini n'kunena kuti, uwauze agogo ako agwire uku, ine ndigwira uku, palibe wakhudza mnzake. Kenako ndinamva, uwauze amako aponye.

Tinkachita choncho. Iwo pa mpando, ine nditaima patali nditapotoza khosi kuyang'ana kalendala ya pakhoma, nsalu pakati pathu. Ndinkakoka pang'ono, iwo n'kudzuka, ndinkamasula pang'onopang'ono, iwo n'kukhala. Kuwerenga ankawerenga iwo, m'Chingerezi cha ku fakitale, wani, thuu, firii, ndipo mwana ankaseka n'kumawomba m'manja poganiza kuti ndi masewera. M'nsalumo ndinkamva zonse zimene maso anga sankaloledwa kuona: kunjenjemera kwa mikono yawo, pamene maondo akana, pamene agwiranso. Sabata yoyamba ankafika kanayi. Patapita mwezi anafika kasanu ndi katatu, ndipo tsiku lina anadzuka patebulo osadzigwedeza, ine ndinathawira kuseri kwa nyumba kukalira m'chimanga. Ndinayamba kukhulupirira kuti nyumba tiisunga.

Koma miyendo ndi imene inkamva, manja ayi. M'mawa wina, asanapite ku ntchito, tili pa kudzuka kwachisanu ndi chimodzi, ndinamva nsalu ikupepuka mwadzidzidzi. Mfundo inapulumuka m'zala zawo. Ine ndinadzandira chambuyo n'kugunda khoma, iwo anaphonya mpando n'kugwa chagada pa simenti, mutu pafupi ndi mwendo wa tebulo. Ndinatembenuka. Kanali koyamba kuwayang'ana kumaso chilowereni m'nyumba imeneyo. Anayesa kudzuka ndi chigongono, chinakana. Anayesa kugubuduka. Ndinawaponyera nsalu, anaigwira, inapulumukanso. Panja anthu anali atayamba kudutsa, mabelu a njinga, ndipo ndinadziwa kuti akachedwa pageti alembedwa, akajomba afunsidwa. Ndinaima pamenepo manja ali m'mwamba ngati ndagwira moto, mwana akukuwa.

“Musandigwire, mayi,” anatero, kwa ine mwini, osadzera mwa mwana. “Anthu adzati chiyani.”

“Anthu ake ati, bambo? Muno muli anthu?”

Ndinagwada n'kulowetsa manja m'khwapa mwawo. Ndinali nditakonzeka kunyamula mwamuna, koma chimene ndinanyamula chinali chopepuka ngati mtolo wa mapesi, nthiti zonse ndinaziwerenga ndi mikono yanga kudzera m'malaya. Ndinawakhazika pa mpando. Ndinawamanga mabatani onse mpaka lapakhosi, ndinawamanga zingwe za nsapato, iwo atatseka maso, misozi ikutsikira m'makwinya. Ndinatulutsa njinga n'kuigwira pa sitepe mpaka atakwera.

Kuyambira pamenepo, chitseko chikatsekedwa ndinkawagwira m'mikono, pamwamba pa zigongono, ndipo ndinkawatikita manja ndi mafuta ophikira. Chitseko chikatseguka tinkabwerera kwa mwana, uwauze agogo ako, uwauze amako. Ndinkakhala ndi mantha awiri tsopano, kuti aonekera ku ntchito ndi kuti tionekera kunyumba, chifukwa mkazi wopanda mwamuna wotsekera chitseko ndi mpongozi wake masana, mukudziwa zimene zikananenedwa. Katani ikagwedezeka ndi mphepo ndinkalumpha. Yankho la ku Ntcheu linafika chimanga titakolola kale. Alongo awo analemba kuti adikire kaye mwamuna wanga abwere.

Ku fakitale chimene chinkawasunga chinali nkhondo yomweyo. Foromani wachizungu ankaitanidwa ku usilikali kawirikawiri, masabata angapo kutchire, masabata angapo ku ntchito. Iye kulibe, woyang'anira anali kapitawo wina wa ku Tete, mnzawo wakale, amene ankawaika kosesa ndi kolemba manambala pa mabelo, kumanga n'kumapatsa achinyamata. Foromani akabwera ankakhala wotopa ndi wolusa, osayang'anitsitsa za anthu. Ine ndinafika pomafunsa kudzera mwa mwana kuti mzungu wapita liti, abwera liti, ndipo Mulungu andikhululukire, ndinkapemphera kuti azikhalitsa kutchireko, komwe kunalinso mwamuna wanga, osadziwa kuti ndikupempherera chiyani.

Zinatha Lachitatu lina. Ndinamva njinga ikukhwekhwereza pakhomo dzuwa lili pamutu, osati belu, ndipo ndinadziwa ndisanasuzumire. Anali akuikankha. Anakhala pa sitepe n'kundiuza, nkhope ili kumsewu, kuti foromani anabwera sabata imodzi msanga, anawapeza ndi tsache, anawaitanira pa belo n'kuwapatsa chingwe kuti amange iye akuona. Anazunguliza bwinobwino, mfundo anaidziwa, zala zinakana kukoka. Anayesa katatu anthu onse ataima. Foromani sanakalipe n'komwe, akuti anangowagwira paphewa n'kunena kuti madala, wakalamba, pita kwanu ukapume. Ku ofesi anawapatsa pepala, ndi kuwauza kuti tikiti ya sitima yopita ku Malawi ilipo ngati akuifuna.

Pepala la katsekera linabwera mwezi usanathe. Ndinapita ku ofesi yake ndekha, mwana kumsana, ndinakhala pa benchi kuyambira m'mawa mpaka mthunzi utatembenuka. Kalaliki wake, Mshona wa tayi, anandimvetsera ndithu. Ndinati ndikhoza kugwira ntchito ya m'nyumba kwa azungu, nyumba ilembedwe dzina langa. Anati mkazi salembedwa nyumba, koma pa khadi pali mwana wamwamuna, ngati ali pa ntchito abwere ndi chitupa chake ndi kalata ya abwana ake, nyumba isinthidwa lero lomwe. Kenako anakweza maso n'kufunsa kuti, nanga mwamuna wanu ali kuti, amai? Pakhomo panali wapolisi ataima. Ndinati anapita kukaonera mpira. Kalaliki uja anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatseka faelo mofatsa n'kuitana wotsatira.

Tikiti ya sitima apongozi anaikana. Anati anachoka ku Ntcheu ali mnyamata ndi miyendo yawo, sangabwerere ngati katundu kuti alongo awo akawanyamule, ndiponso mwana wawo akadzabwera adzawafuna kuno. Kapitawo wa ku Tete uja anatipezera chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba ya mlamu wake ku Mufakose, kuti tikhale maloja osalembetsa, omwe wapolisi akagogoda amabisala. Chipinda chimodzi, ine, mwana, ndi apongozi. Akuluakulu a bungwe la maliro anamva, ndipo palibe ananenapo za mwambo, anangotumiza ngolo yokankha.

Tsiku losamuka, banja latsopano linafika ife tisanamalize kutulutsa. Mwamuna wake ankagwira ntchito ku njanji, mkazi wake anali wamng'ono ngati ine, ali ndi pakati. Analowa mwaulemu, anapereka moni kwa apongozi atagwada, kenako anayamba kuyeza zenera ndi dzanja, kuona ngati makatani ake akwana. Sindinamude. Ndinamukokera kukhitchini n'kumuuza m'Chishona kuti pompi ya panja imafuna kuitsekera kumanzere mwamphamvu, ndi kuti tsiku lina, kaya chaka chino kaya liti, kukhoza kubwera mwamuna wamtali wa mpata kumano, kudzafunsa anthu amene ankakhala muno.

“Ndidzamuuze kuti chiyani?”

“Mudzati Mufakose. Afunse kwa anthu a ku Tete, kufupi ndi matanki a madzi.”

Anabwereza kawiri kuti asaiwale. Panja ngolo inali itadzaza, bedi, tebulo, mipando iwiri, mbaula. Wokankha ngolo anati mkuluyo akwere pamwamba pa matiresi, ulendo ndi wautali. Apongozi anakana, anati ayenda. Anayenda mpaka pa mphambano yachiwiri, ine ndili pambali pawo, anthu a mumzere mwathu ataima m'mageti. Pamenepo anaima, anapuma, ndipo anatambasula mkono, ine ndinaugwira, tonse awiri ndi wokankha ngolo tinawakweza.